Pa nkhani ya chipulumutso, tikutonthoza ogona n'kumaopseza olira

Alaliki ambiri amakonda kutsiriza ulaliki ndi funso limodzi: mutati mwamwalira usiku uno, mukudziwa kumene mukupita? Funsoli ndi labwino ndipo sindikufuna kuti lichoke paguwa. Chondivuta ndi anthu amene limawalasa ndi amene limawaphonya. Wonjenjemera nalo kawirikawiri amakhala mayi uja amene sajomba kumapemphero, amene chikumbumtima chimamupweteka ngakhale pa mawu amodzi okalipa amene anayankhula kwa mwana wake m'mawa. Amadzuka, amapita kutsogolo, n'kulandiranso Yesu amene anamulandira kale chaka chatha ndi chaka chinacho. Pomwe bambo wakhala kumbuyoyo, amene antchito ake sanalandire malipiro ndipo mkazi wake wabwera ndi diso lotupa, funsolo silimukhudza n'komwe. Mkati mwa chikuto cha Baibulo lake munalembedwa tsiku limene anakweza dzanja pamsonkhano wa chitsitsimutso, ndipo anauzidwa kuti ukapulumutsidwa wapulumutsidwa basi.

Ndinene maganizo anga poyera kuti owerenga asavutike kundifufuza. Ndimakhulupirira kuti Mkhristu angathe kudziwa lero lino kuti machimo ake anakhululukidwa, ndipo ndimakhulupirira kuti munthu amene Khristu wamugwira sadzamutaya. Koma momwe nkhaniyi ikulalikidwira m'mipingo yambiri ikupweteka anthu. M'Baibulo muli mawu otonthoza ndi mawu ochenjeza, monga mankhwala awiri a matenda awiri osiyana, ndipo ife tasinthanitsa odwala. Wa mtima wosweka tikumumwetsa chenjezo, wa mtima wouma tikumumwetsa chitonthozo, ndipo onse akubwerera kwawo matenda atakula.

Mawu otonthozawo ndi olimba, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wowachepetsa mphamvu. Pa Yohane 10:28 Yesu akunena za nkhosa zake kuti amazipatsa moyo wosatha, sizidzawonongeka, ndipo palibe amene adzazikwatule m'dzanja lake. Paulo pa Aroma 8:38-39 akutchula imfa, moyo, angelo, maulamuliro, za lero ndi za m'tsogolo, n'kumaliza ndi cholengedwa china chilichonse, kuti zonsezi sizingatilekanitse ndi chikondi cha Mulungu. Kwa Afilipi akulemba kuti amene anayamba ntchito yabwino mwa iwo adzaitsiriza. Ndipo pa 1 Yohane 5:13 mtumwi akuti walemba kalata yake kuti okhulupirira adziwe kuti ali nawo moyo wosatha. Amene amaphunzitsa kuti kudziwa zimenezi n'kudzikuza atiuze chifukwa chimene mtumwi analembera kalata yathunthu ndi cholinga chimenecho.

Mawu ochenjeza nawonso si amasewera. Ahebri 6:4-6 ikunena za anthu amene anaunikiridwa, analawa mphatso yakumwamba, analandirako Mzimu Woyera, kenaka n'kugwa. Ndime imeneyi imandiopsa nthawi iliyonse ndikaiwerenga, ndipo ndimakayikira mlaliki aliyense amene amaidumpha mothamanga. Pa Yohane 15:6 nthambi yosakhala mwa mpesa imatayidwa kunja, imauma, n'kutenthedwa. Petro m'kalata yake yachiwiri akunena za anthu amene anathawa zonyansa za dziko podziwa Ambuye, n'kukodwanso nazo, kuti mapeto awo amaipa kuposa chiyambi. Paulo yemwe uja wa pa Aroma 8 akuuza Akorinto kuti amene akudziona ngati waima achenjere kuti angagwe. Mbali iliyonse ya mkanganowu ili ndi mavesi amene imawawerenga mokweza ndi ena amene imangowawerengera chamumtima.

Chimene chimasokoneza zokambirana zambiri n'chakuti mafunso awiri amaphatikizidwa ngati ndi limodzi. Lina n'lakuti kodi ndingadziwe kuti panopa ndili pamtendere ndi Mulungu. Linzake n'lakuti kodi munthu amene ali pamtendere ndi Mulungu lero angadzatayike mawa. Mbiri ya mpingo ikuonetsa kuti mayankho a mafunsowa sayendera limodzi. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira m'chaka cha 430, anaphunzitsa kuti osankhidwa a Mulungu amapirira mpaka mapeto chifukwa kupirirako ndi mphatso, koma ananenanso kuti palibe munthu wamoyo amene angatsimikize kuti iye anapatsidwa mphatsoyo. John Wesley, mlaliki wa ku England amene anayambitsa gulu la Methodist, anali kwina. Pa 24 Meyi 1738, ali pamsonkhano wa mapemphero mumsewu wa Aldersgate ku London, akumvetsera wina akuwerenga mawu oyamba amene Martin Luther analemba pa kalata ya kwa Aroma, anamva mtima wake ukutentha modabwitsa ndipo anatsimikiza kuti Khristu wachotsa machimo ake, akeake enieni. Koma Wesley yemweyo analalikira mpaka ukalamba kuti wokhulupirira weniweni angathe kugwa n'kutayika. Mmodzi anali ndi chitetezo chopanda chitsimikizo, mnzake anali ndi chitsimikizo chopanda chitetezo, ndipo onse awiri anali anthu odziwa Malemba kuposa ambiri a ife amene timakangana lero.

Mpingo wa Katolika, pamsonkhano wake wa ku Trent mu 1547, unakana kuti munthu anganene motsimikiza kotheratu kuti adzapirira mpaka mapeto, pokhapokha Mulungu atamuululira mwapadera. Apulotesitanti ambiri amachinyoza chiphunzitsochi osaona kudzichepetsa kumene kuli mkati mwake. Zaka zoposa 100 msonkhanowo usanachitike, mu 1431, oweruza a Joan of Arc, mtsikana amene anatsogolera asilikali a ku France, anamutchera msampha mumzinda wa Rouen pomufunsa ngati akudziwa kuti ali m'chisomo cha Mulungu. Akanati inde, akanamuimba mlandu wodzikuza. Akanati ayi, akanakhala kuti wadzitsutsa yekha. Mtsikanayo, wosaphunzira za chiphunzitso, anayankha kuti ngati sali m'chisomocho Mulungu amuikemo, ndipo ngati alimo Mulungu amusungemo. Yankho limeneli ndimalilemekeza kwambiri. Komabe ndimaona kuti Chipangano Chatsopano chimalola mwana wa Mulungu kunena zoposa pamenepo. Paulo ali m'ndende, imfa ili pafupi, analembera Timoteyo kuti akumudziwa amene wamukhulupirira, ndipo sakukayika kuti iyeyo ngwokhoza kusunga chimene anamusungitsa mpaka tsiku lija.

Chiphunzitso chakuti wokhulupirira sangatayike chinalembedwa momveka bwino pa sinodi ya ku Dort, m'dziko la Netherlands, imene inakumana mu 1618 ndi 1619 poyankha otsatira a Jacobus Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu wa m'dzikolo. Otsatirawo, m'chikalata chawo cha mu 1610, anali atanena kuti nkhani ya kugwa kwa okhulupirira ikufunika kuifufuzabe m'Malemba. Amene amathamangira kwa sinodiyi poteteza mawu akuti ukapulumutsidwa wapulumutsidwa basi angachite bwino kuwerenga zimene inalemba. Inanena kuti okhulupirira enieni angagwe m'machimo oopsa, n'kutchula Davide ndi Petro. Inati potero amamvetsa chisoni Mzimu Woyera, amavulaza chikumbumtima chawo, ndipo kwa kanthawi amaleka kumva kukoma kwa chisomo, mpaka Mulungu atawabweza kudzera m'kulapa. Inatinso Mulungu amawasunga kudzera m'kumva ndi kuwerenga Mawu, m'malangizo, m'malonjezo, m'masakramenti, ngakhalenso m'ziopsezo. Chimene anaphunzitsa ndi kupirira kwa oyera mtima: wopulumutsidwa amasungidwa ali m'chikhulupiriro ndi m'kulapa. Palibe pamene analonjeza kumwamba kwa munthu amene anapemphera kamodzi n'kukhala moyo wake wonse ngati Mulungu kulibe.

Tsopano ndifike pamene mbali yanga yomweyi imatsimphina, pakuti kubisa pamenepa n'kupanda chilungamo. Charles Templeton, wa ku Canada, anali mlaliki wotchuka m'zaka za m'ma 1940, mnzake wa Billy Graham, ndipo ankalalikira kwa makamu a anthu. Mu 1957 analengeza kuti sakhulupiriranso, ndipo anamwalira mu 2001 asanabwerere poyera ku chikhulupiriro. Wotsatira Wesley adzati anapulumutsidwa koma anagwa. Wotsatira Dort adzatsegula 1 Yohane 2:19 n'kunena kuti anatuluka mwa ife chifukwa sanali wa ife. Yankho lachiwirili n'la m'Malemba ndithu, koma taonani chimene limachita kwa munthu woganiza. Ngati Templeton, zaka zonse zimene ankalalikira, ankadziona wopulumutsidwa pomwe sanali, ine ndidziwa bwanji kuti sindili ngati iye? John Calvin mwiniwake, amene sinodi ya ku Dort inatsata chiphunzitso chake, anavomereza kuti anthu ena otayika amamva mumtima zinthu zofanana kwambiri ndi zimene osankhidwa amamva, mwakuti eni akewo saona kusiyana. Choncho mantha amangosamuka. Wina amagona akuopa kuti chipulumutso chake chingamupulumuke, mnzake amagona akuopa kuti mwina sanakhalepo nacho n'kale lomwe. Chiphunzitso cha chitetezo chamuyaya pachokha sichipatsa munthu tulo.

Ndiye chitsimikizo chichokera kuti? Ambiri amachifuna pa tsiku limene anapita kutsogolo. Sindinyoza tsikulo, pakuti anthu osawerengeka anakumanadi ndi Mulungu pa nthawi yoteroyo. Koma tizikumbukira kuti mwambo woitanira anthu kutsogolo ndi wa posachedwa. Unafala m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa alaliki a ku America monga Charles Finney, ndipo mibadwo yambirimbiri ya Akhristu inakhulupirira n'kufa mwamtendere isanauonepo. Vuto lodalira tsikulo n'lakuti ukudalira chinthu chimene unachita iwe. Mtima wofewa umayamba kuchifukula. Kodi ndinalapa ndi mtima wonse? Kodi ndinamvetsa zimene ndinkanena? Misozi ija inali ya machimo anga, kapena ndi nyimbo imene inandigwira mtima? Mafunso otere alibe polekezera, n'chifukwa chake mayi uja amabwereza pempherolo chaka ndi chaka, poganiza kuti mwina ulendo uno alinena bwino. Mtima wouma sufukula kanthu. Umangoloza tsikulo n'kupitiriza zake.

Ena amadalira momwe akumvera mkati. Aroma 8:16 imanenadi kuti Mzimu amachitira umboni pamodzi ndi mzimu wathu kuti ndife ana a Mulungu, ndipo amene anamvapo kukoma kumeneku sakuiwala. Koma mtima wa munthu umasintha ndi kusowa tulo, matenda, ngongole ndi maliro. Amene amayeza chipulumutso chake ndi kutentha kwa mapemphero a Lamlungu amafika pakati pa sabata akudziona wotayika.

Calvin, amene ambiri amamuganizira ngati munthu wouma mtima, anapereka uphungu umene ndimauona wanzeru kuposa wina uliwonse pankhaniyi. Anati munthu asafufuze kusankhidwa kwake mwa iye yekha kapena m'zinsinsi za Mulungu, koma mwa Khristu, amene ali galasi loonerapo kusankhidwako. Luther naye, mantha a chiweruzo akamugwira, ankadziyankha kuti ndinabatizidwa, kutanthauza kuti pali lonjezo limene Mulungu anamuikira kuchokera kunja, losadalira momwe mtima wake wadzukira tsikulo. Onse awiri ankachotsa maso a munthu pa iye mwini. Pa Yohane 6:37 Yesu akuti wobwera kwa iye sadzamutaya kunja, ndipo sanaikepo muyeso wa kukula kwa chikhulupiriro kapena kuchuluka kwa misozi. Buku la moyo sindingalitsegule kuti ndione dzina langa, ndipo za mumtima mwa Templeton ndi za iye ndi Mulungu wake. Chimene ndingathe ndi kubwera kwa Khristu lero, ndi chikhulupiriro chochepa chomwecho, monga bambo wa pa Marko 9:24 amene anafuula kuti akukhulupirira, pomwepo n'kupempha kuti athandizidwe kusakhulupirira kwake. Yesu sanamubweze kuti akakonze kaye chikhulupiriro chakecho. Anachiritsa mwana wake.

Nkhani ya Petro ndi Yudasi imandiphunzitsa zambiri kuposa mikangano yonse ya ophunzira. Onse awiri anayenda ndi Yesu, onse anatumidwa kukalalikira ndi kuchiritsa, onse anamuchimwira usiku umodzi. Tikanati tiwayeze ndi chitsimikizo chimene anali nacho madzulo amenewo, Petro ndiye anali patsogolo. Analumbira kuti ngakhale onse atakhumudwa iye sadzakhumudwa, ndipo ngwokonzeka kufa naye. Tambala asanalire anali atamukana katatu, mpaka kutemberera ndi kulumbira m'bwalo la mkulu wa ansembe. Tikanati tiwayeze ndi zimene anachita atazindikira kulakwa kwawo, Yudasi ndiye akuoneka kuti anachita zambiri. Mateyu 27 ikuti anamva chisoni, anabweza ndalama 30 zasiliva zija, ndipo anavomereza ndi pakamwa pake kuti wachimwa popereka magazi osalakwa. Petro anangotuluka n'kukalira. Koma Yudasi anatengera tchimo lake kwa ansembe aakulu, amene anamuyankha kuti zimenezo n'zake, adzionere yekha, ndipo anapita yekhadi n'kukadzimangirira. Petro anakhalabe pakati pa abale ndi manyazi ake onse. Anathamangira kumanda m'mawa muja, ndipo tsiku lina atamva kuti munthu woima m'mbali mwa nyanja ndi Ambuye, anadziponya m'madzi kulunjika kwa yemwe anamukanayo.

Chinamusunga Petro n'chiyani? Yesu anali atanena kale, pa Luka 22:31-32, kuti Satana wapempha kuti awapete ngati tirigu, koma iye wamupempherera Petro kuti chikhulupiriro chake chisazime. Sanamulonjeze kuti sagwa. Anamuuza kuti akadzabwerera akalimbikitse abale ake. Chitetezo chamuyaya chimene ine ndimachikhulupirira ndi chimenechi. Chili m'pemphero la Khristu, amene Ahebri 7:25 ikuti ali ndi moyo nthawi zonse kuti apembedzere obwera kwa Mulungu kudzera mwa iye, ndipo chimaonekera pakuti wogwayo amadzuka n'kulunjikanso kwa Ambuye wake. Wina adzafunsa chifukwa chimene Yudasi sanadzukire. Malemba amaika mlandu pa Yudasi mwini ndipo satilola kuusunthira kwa Mulungu. Kupitirira pamenepo amatisiya ndi mantha oyenera.

Nanga ngati Mulungu amasunga ake, machenjezo aja ndi a chiyani? Pa Machitidwe 27 pali nkhani imene imandithandiza. Chombo chimene Paulo anakwera popita ku Roma chinakankhidwa ndi namondwe mpaka usiku wa 14, muli anthu 276. Mngelo anauza Paulo kuti palibe ngakhale mmodzi amene afe, ndipo Paulo anauza anthuwo zimenezi mosakayika. Koma amalinyero anatsitsa kabwato kuti athawe, akunamizira kuti akukaponya anangula kutsogolo kwa chombo. Paulo sananene kuti alekeni azipita, Mulungu walonjeza kale. Anauza mkulu wa asilikali kuti anthu awa akapanda kukhala m'chombo, inu simupulumuka. Asilikali anadula zingwe, kabwato kanapita, amalinyero anatsala, ndipo onse anafika pamtunda pachilumba cha Malta, ena posambira, ena atagwira matabwa. Lonjezo linali loona, chenjezo linalinso loona, ndipo lonjezolo linakwaniritsidwa kudzera m'chenjezolo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mulungu akamatichenjeza kuti tingagwe amakhala akutisunga ndi chenjezo lomwelo, ndipo nkhosa yake imadziwika chifukwa ikamva mawuwo imabwerera. N'chifukwa chake kalata ya Yuda ikulamula pa vesi 21 kuti tidzisunge tokha m'chikondi cha Mulungu, n'kutamanda pa vesi 24 iye amene angathe kutisunga kuti tisagwe, wolembayo osaona kuti pali kutsutsana.

Bambo wa Baibulo lolembedwa tsiku uja ayenera kuuzidwa zimenezi maso ndi maso, ndipo abusa amene amamuopa chifukwa cha chopereka chake akumupereka ku chiweruzo. Kalata yomweyo ya Yohane, imene inalembedwa kuti tidziwe kuti tili ndi moyo, imanenanso kuti wonena kuti amadziwa Mulungu koma osasunga malamulo ake ndi wabodza, ndi kuti wodana ndi m'bale wake amene amamuona sangakonde Mulungu amene sanamuone. Yakobo 5:4 ikuti malipiro a antchito amene anamanidwa mwachinyengo akufuula, ndipo kulira kwa antchitowo kwalowa m'makutu a Ambuye. Ntchito zabwino sizigula chipulumutso. Koma munthu amene tchimo silimupweteka, amene akadzudzulidwa amangotulutsa tsiku lake, alibe chifukwa chodzitonthozera ndi Yohane 10, pakuti nkhosa za pamenepo zikufotokozedwa kuti zimamva mawu a m'busa ndi kumutsata. Ndipo pa Mateyu 7:21-23, anthu amene Yesu adzawauze kuti sanawadziwe konse si okayika ayi. Ndi anthu otsimikiza, obwera ndi mbiri ya maulosi, ziwanda zotulutsidwa ndi zozizwitsa zambiri. Ndimeyi imawerengedwa kawirikawiri poopseza ofooka, chonsecho ikuloza kwambiri anthu oima paguwa.

Kwa mayi uja nkhani ndi ina. Chivomerezo cha chikhulupiriro cha ku Westminster, chimene chinamalizidwa ku London mu 1646, chili ndi mfundo imene ndikanakonda mlaliki aliyense akanaidziwa. Chimati munthu angakhale wokhulupirira weniweni n'kudikira nthawi yaitali, akulimbana ndi zovuta zambiri, asanapeze chitsimikizo, ndipo akachipeza chingathe kugwedezeka ndi kuchepa. Choncho kukayika si umboni wakuti munthu ndi wotayika. Mlaliki amene amafuula kuti ngati uli ndi chikayiko ngakhale pang'ono ndiye kuti sunapulumutsidwe akuthyola bango lophwanyika limene Ambuye wake anakana kulithyola. Mantha amadzaza kutsogolo kwa guwa mofulumira, ndipo chiwerengero cha okweza manja chimakoma pochilengeza. Koma ngati ambiri mwa iwo ndi nkhosa zakale zimene taziopseza tokha, palibe chimene tapindula, tangovulaza za m'khola.

Tivomerezenso kuti mantha ena ndi matenda. William Cowper, wolemba ndakatulo wa ku England amene nyimbo zake zikuimbidwabe m'mipingo, ankadwala matenda a maganizo. Mu 1773 analota loto limene linamutsimikizira kuti Mulungu wamutaya, ndipo maganizowo sanamusiye mpaka imfa yake mu 1800. Ankakhulupirira ndithu kuti osankhidwa satayika, koma ankati iye yekha ndiye wapatulidwa. Mnzake John Newton, m'busa wa ku Olney, anamusunga m'nyumba mwake kwa nthawi yoposa chaka, ndipo sanaleke kumuona ngati mwana wa Mulungu. Ndikukhulupirira kuti Newton ndiye ankaona bwino. Lero madokotala amadziwa kuti pali matenda amene amabweretsa m'mutu mwa munthu maganizo onyoza Mulungu amene iye sakuwafuna, n'kumamuzunza kuti wachita tchimo losakhululukidwa. Munthu wotereyu amafunika abale omugwira dzanja ndiponso dokotala, ndipo kumuuza kuti awonjezere kusala kudya kumangokulitsa bala. Amene Yesu anawachenjeza za kunyoza Mzimu Woyera pa Marko 3 anali alembi a malamulo amene ankaona ntchito zake n'kumati ndi za Belezebule, osatekeseka n'komwe. Munthu amene akulira poopa kuti wachimwira Mzimu akuonetsa ndi misozi yakeyo kuti sali m'gulu lawo.

Otsutsa amati kuuza anthu kuti Mulungu sawataya kumawachititsa ulesi. Paulo anakumana nalo funsoli pa Aroma 6:1 ndipo sanasinthe zimene ananena za chisomo. Anangoti munthu amene anafa ku uchimo sangakhalenso momwemo. Zimene ine ndaona n'zakuti mantha amabala kumvera kwa kanthawi ndi chinyengo chokhalitsa. Munthu amene amakhulupirira kuti tchimo lililonse limamufufuta m'buku la moyo amaphunzira kubisa, ngakhale kudzibisira yekha. Amene akudziwa kuti Atate wake samutaya ndiye amalimba mtima kunena kuti ndalakwa, kubweza chimene anaba ndi kupepesa kwa amene anamulakwira.

Patsala anthu amene anachoka, ana athu ndi anzathu amene kale ankatsogolera nyimbo ndipo lero safuna n'kumva komwe za Mulungu. Apa mbali zonse ziwiri zimafulumira kugamula, ena akuti anataya chipulumutso, ena akuti sanakhalepo nacho. Mpingo unakumana ndi funsoli kalekale. M'chaka cha 250 mfumu ya Roma, Decius, inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ndi kulandira chikalata chotsimikizira, ndipo Akhristu ambiri anagonja. Chizunzo chitatha anabwerera akugogoda. Novatian, wansembe wa ku Roma, anati mpingo usawalandirenso. Cornelius, bishopu wa ku Roma, ndi Cyprian wa ku Carthage anati alandiridwe akalapa, ndipo mpingo wambiri unatsata iwowa. Ndikuona kuti anasankha bwino. Pa 2 Timoteyo 4:10 Paulo akulemba kuti Dema, amene kale anamutchula pakati pa antchito anzake, wamusiya chifukwa chokonda dziko lino. M'vesi lotsatira akupempha Timoteyo kuti abwere ndi Marko chifukwa ngwothandiza pa utumiki, Marko yemwe uja amene anawasiya ku Pamfuliya, amene Paulo anakana kuyenda naye mpaka kusiyana ndi Barnaba. Munthu amene akanagamula mlandu wa Marko pa Machitidwe 15 akanalakwitsa. Za Dema, Paulo ananena chimene anachita ndi chifukwa chake, osawonjezera chigamulo cha kumene adzathere.

Makolo amene mwana wawo wasiya chikhulupiriro asanamizidwe kuti ali bwino chifukwa anapemphera ali wamng'ono, ndipo asauzidwenso kuti watayika iye akadali moyo. Mpingo upitirize kumutchula dzina m'mapemphero, anzake akale azimuyendera ngakhale sakufuna kukamba za Mulungu, ndipo akadzafunsa ngati angabwerere, ayankhidwe ndi Yohane 6:37 asanafunsidwe kumene anali.